Liwu Limodzi la Sokkalingam

"Mutseke pakamwa inuyo? Ndi khungu limenelo, ndevu zimenezo, chikwanje chili pachishalo? Ndiye mundiuziretu chitokosi chimene ndikakupezeni, ndisamakazungulire tauni yonse ngati wamisala."

Ameneyo anali Valarmathi, ataima pakhomo la nyumba yawo ya pansanjika yachinayi, chipande chili m'manja, akukalipira mwamuna wake Sokkalingam yemwe anakhala pansi m'khonde akunola chikwanje pamwala. Zitseko za anansi zinali zotsekula monga mwa masiku onse m'midadada yathuyi, moti palibe amene liwu linamudutsa. Mwamunayo anayankha moseka, nati chaka chatha ndi chinacho anatseka pakamwa masiku atatu ndipo palibe anamudya. Mkaziyo anamukumbutsa kuti zaka ziwirizo ntchito ankaisiyira mlamu wake, iye n'kudzibindikira m'nyumba. Chaka chino mlamuyo anapita kukagwira ntchito ku Singapore, ndiye bamboyu akufuna aziyenda pamsewu ali duu, mlungu womwewu umene apolisi adzadza m'misewu chifukwa cha sitolo ya golide imene anthu a zikwanje anaithyola Lachisanu masana.

"Ndiye malo odyera asanu ndi awiri aja azipakulira mpunga patebulo?" anatero Sokka, akuyesa kuthwa kwa chikwanjecho pachala.

"Apakulire pamutu panupo," anatero Valar, n'kumenyetsa chitseko.

Sokkalingam anabadwira pa esiteti ya mitengo ya labala, m'tinyumba tondondozana ta antchito tija, momwe ukatsokomola kumapeto kuno wa kumapeto uko amakuuza mankhwala. Agogo ake anachokera ku India pa sitima kudzatema mitengoyo, bambo ake anatema yomweyo mpaka msana unapindika. Iye sukulu anailekezera sitandade sikisi. Esiteti itagulitsidwa kuti pamangidwe nyumba za anthu a magalimoto awiriawiri, mabanja onse anatikankhira m'midadada ya kumapeto kwa tauni, ndipo anyamata ambiri a msinkhu wake anasowa pogwira. Ena analowa m'magulu a zikwanje aja. Sitikana, timawadziwa ndi maina omwe, ena tinawaperekeza kale asanamere imvi. Sokka nayenso anatola chikwanje, koma iye analowera nacho m'minda ya nthochi.

Ntchito yake ndi mayani. Anthu amene amakhuta mpunga wa pamayani masana, n'kupinda tsambalo akamaliza, saganiza n'komwe kuti tsambalo linali pamtengo m'mawa womwewo. Kukamayera Sokka amakhala ali kale m'minda ya kutsidya kwa mtsinje, akusankha tsamba limene mphepo sinaling'ambe, losakhwimitsa komanso losakhala lanthete. Amalidula kamodzi kokha, kuchotsa msana wake, kulipinda patatu, kulikulunga m'chiguduli chonyowa. Ikamakwana leveni koloko mitolo yonse ikhale itafika, apo ayi eni malo odyera aimbira wina. Njinga yake yamoto ukaionera kumbuyo umangoti chitsamba chikuyenda. Ndipo pambali pa chishalo, m'chimake chimene anasoka yekha, mumakhala chikwanje.

Tsopano ganizani nokha: Mmwenye wa mtundu wa Atamili, wakuda bii, pa njinga yamoto, ndi chikwanje. Kuno ku Malaysia munthu wotereyo safunika kulakwa kuti dzanja la wapolisi lidzuke. Mtchaina wa nkhuku adutsa, Mmalayi wa nsomba adutsa ndi mipeni yake itatu m'dengu, akafika Sokka, mluzu. Anamuimitsa kambirimbiri mpaka analeka kuuzako mkazi wake.

Koma anali ndi chida chimene chinamupulumutsa zaka zoposa makumi awiri, ndicho pakamwa pake. Akangoona rodibuloko patali ankapatuka yekha asanamukodole. Chisoti chavulidwa, injini yazimitsidwa, chiphaso chili kale m'manja, mano onse panja. "Tuan, bwana wanga, dzuwa lonseli mwaimira ine ndekha? Mwandichititsa manyazi." Chimalayi chake chinali chotsetsereka kuposa cha eni ake ena. Ankadziwa kalankhulidwe ka kumpoto, ka kugombe la kum'mawa, moti wapolisi akangotsekula pakamwa iye wadziwa kale kwawo, n'kuyamba kumufunsa za mvula ya kumeneko ndi ndiwo za amake. Chikwanjecho ankachionetsa yekha asanachipeze, nati uyu ndi mkazi wanga wamkulu, Tuan, wamng'ono ali kunyumba ndipo ndi wakuthwa kuposa ameneyu. Apolisi ankaseka n'kumubwezera chiphaso. Iye akakhota pakona ankalavulira pambali, nsagwada zikuwawa ndi kumwetulira.

Zaka zinayi zapitazo liwu lija linayamba kusasa. Poyamba ankati ndi fumbi la pamsewu, kenako ankati ndi madzi ozizira, mpaka tsiku lina Valar anamugwira pakhosi n'kumva kanthu kolimba. Kuchipatala anachotsa chotupa, n'kumuuza mosabisa kuti mwina sadzalankhulanso. Miyezi iwiri analankhula ndi manja. Valar, amene anatha zaka makumi awiri akumuuza kuti akhale chete, ankakalirira kubafa atatsekula mpopi. Masiku amenewo ndi pamene Sokka anakwera phiri kupita kukachisi wa mulungu wake Murugan n'kuwinda chamumtima: mukandibwezera liwu, zaka zitatu zotsatizana ndidzasala masiku makumi anayi ndi asanu ndi atatu chikondwerero chanu cha Thaipusam chisanafike, ndipo masiku atatu omaliza liwulo ndidzakubwezerani, osatulutsa ngakhale limodzi, kufikira nditathira mkaka wa mumtsuko wanga pamapazi anu tsiku la chikondwererolo.

Liwu linabwerera. Lokanda pang'ono ngati la wailesi yakale, koma linabwerera. Zaka ziwiri anakwaniritsa chowinda chake. Chaka chino chinali chomaliza, ndipo Sokka ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chimene unalandira ndi pangano chikhoza kulandidwanso pangano likasweka. Amene akufuna kuseka aseke. Chipsera chili pakhosi pa Sokka, osati pawo.

Pansi pa mdadada wathu pali kamalo ka tiyi, pamene Sokka amakhala madzulo ndi mnzake Bahrom, Mmalayi wa m'nyumba yapansi, sajeni wa polisi wopuma pantchito. Ubwenzi wawo si wa pakapu pokha. Sokka ali m'chipatala, Bahrom ndi amene ankatenga Valar tsiku ndi tsiku pa kagalimoto kake kokalamba, osalola ngakhale ya mafuta. Koma pa nkhani ya apolisi awiriwa ankakangana mpaka mwini kamaloko kuwalanda masipuni.

Bahrom ankati wapolisi saona khungu, amatsata zimene mboni yanena. Mboni ikati wakuba ndi Mmwenye wa panjinga yamoto, kodi anyamata ake aimitse agogo a Chitchaina ochokera kumsika? Ankati m'magulu a zikwanje mwadzaza ana a kwa Sokka, ndipo amene amatemedwa ndi maguluwo ndi a kwa Sokkanso, amayi olira kupolisi ndi omwewo. Wapolisi ali ndi maso awiri okha ndi kamphindi kochepa koti asankhe woimitsa. Sokka ankayankha kuti ngati munthu upisa m'thumba limodzi lokhalokha chaka ndi chaka, zonse zimene upeze uzipeza m'thumba limenelo, n'kumati ena aja ndi oyera.

"Abang, mkulu wanga, zaka zonse munagwira zija, munaimitsapo kangati galimoto ya magalasi akuda?"

"Iwe, wopanda mlandu amangotaya mphindi zisanu basi."

"Mphindi zisanu za ndani? Inu munatayapo zingati?"

Akafika pamenepo Bahrom ankaitanitsa tiyi wina n'kuyamba za mpira.

Lamlungu lomwe anakangana ndi mwamuna wake m'khonde lija, Valar anatsika n'kukaitula nkhaniyo pamaso pa Bahrom, akuyembekeza kuti amukalipira mnzakeyo. M'malo mwake mkuluyo anaitanitsa cholembera, n'kulemba pakhadi m'Chimalayi cha mu ofesi, zilembo zikuluzikulu: kuti mwini khadili ndi wodula mayani, chikwanje ndi cha ntchito, sakulankhula chifukwa cha chowinda cha chipembedzo chake mpaka Lachinayi. Pansi anasaina dzina lake, udindo wake wakale ndi nambala yake. Anati akangoona zimenezi amuchitira saluti n'kumutsekulira msewu. Valar analiyang'ana khadilo nati, "Abang, mwamuna wangayu amadutsa chifukwa amawaseketsa. Pepala lanuli liseketsa ndani?" Amuna awiriwo anamuseka. Mawu omaliza amene Sokka anauza mkazi wake tsiku limenelo anali akuti masiku atatu nyumba ndi yake, alankhule zonse zimene amamutsekereza chaka chonse.

Lolemba linadutsa bwino. Eni malo odyera ankadziwa kale, ankangomuweramira n'kulandira mitolo.

Lachiwiri cha m'ma teni koloko, ali pafupi ndi mlatho, anaona rodibuloko. Anali atavala nsalu yachikasu ya osala, phulusa lopatulika pachipumi, ndevu za milungu isanu ndi iwiri, wopanda nsapato. Anachita monga achitira nthawi zonse, kupatuka yekha, kuvula chisoti, mano panja, chiphaso m'manja, pamwamba pake khadi la Bahrom. Wapolisi wachinyamata anawerenga, n'kumuyang'ana pachipumi, n'kuwerenganso. Dzanja lake linali litayamba kale kubweza makhadiwo pamene panafika mkulu wina wa polisi wovala zawamba, amene anapita molunjika pachishalo n'kusolola chikwanje. Anachitembenuza padzuwa, nafunsa Sokka kuti Lachisanu fili koloko masana anali kuti.

Sokka analoza khadi. Mkuluyo anafunsanso. Sokka analoza pakamwa pake, analoza kumwamba, anaika manja pamodzi. Mkuluyo anafunsa kachitatu, liwu litakwera.

Chimene chimamupweteka Sokka mpaka lero n'chakuti mawu anali okonzeka. Mkuluyo anali wa kumpoto, Sokka anamva pa liwu loyamba, akanatha kutchula ngakhale boma la kwawo. Nthabwala ya mkazi wamkulu inali pansonga ya lilime. Ndipo yankho lenilenilo linali lalifupi kwambiri: Lachisanu fili koloko anali kuchipatala, dokotala atamulowetsa kagalasi kummero. Ziganizo ziwiri zokha akanakhala ali pamsewu. Anazimeza, zinatsika ngati mwala.

"Amwenye a masiku ano," anatero mkuluyo kwa anzake, "mpaka akuyenda ndi makalata oti asamayankhe apolisi." Khadi la Bahrom analipinda pawiri n'kuliika m'thumba. Unyolo unalira. Galimoto ikunyamuka, Sokka anaona njinga yake ili pambali pa msewu, mitolo isanu ya mayani ili padzuwa.

Kupolisi anachita zimene akanatha. Anapempha cholembera ndi manja, ndipo atamupatsa analemba zonse, za chipatala, za dokotala, za nthawi. Koma Sokka Chimalayi anachiphunzira pamsewu, ndi makutu. Zilembo zimene dzanja lake limazidziwa ndi za Chitamili za kusukulu ya pa esiteti zija. Pepalalo linazungulira matebulo atatu, wina analigwira chadodolido anzake n'kumaseka, ndipo tsiku limenelo panalibe wodziwa kuwerenga. Anamuvula nsalu yachikasu n'kumupatsa zovala za m'chitokosi.

M'chitokosimo anapeza amuna khumi, asanu ndi atatu anali Atamili, onse otoledwa m'misewu chiyambire Loweruka. Wina anali dalaivala wa lole ya zinyalala, wina ankapita kukagula mankhwala a mwana. Wometa tsitsi wina dzina lake Ilangovan, amene anamugwira ndi lumo m'thumba, anamuyang'ana Sokka kuyambira kundevu mpaka kumapazi nati, "Okuba anali anayi, ife tsopano takwana naini. Swami, munthu wa Mulungu, gawo lanu la golide mwabisa m'ndevumo?" Onse anaseka, Sokka nayenso anaseka osatulutsa liwu. Atamva za chowinda chake analeka kumucheza, n'kumusiyira ngodya youma. Mpunga wa nsomba utabwera anaukankhira kwa anzake, popeza wosala sadya chanyama. Anamwa madzi okha.

Zimene zinkachitika kunja anazimva pambuyo pake. Valar atamva anathawa ku fakitale ya magolovesi kumene amagwira, n'kukatenga khadi la kuchipatala losonyeza tsiku ndi nthawi, chidindo chili poonekera. Bahrom anavala malaya osita, anapesa, n'kukaima pakauntala natchula udindo wake ndi nambala. Mnyamata wa pakauntalapo anamuitana kuti Pak Cik, ngati mkulu aliyense wa pamsewu, n'kumulozera benchi. Anakhala pabenchipo maola atatu. Pomaliza anawaonetsa zimene mboni inanena za okubawo: Amwenye, akuda, a zaka pakati pa makumi awiri ndi makumi asanu, atavala zisoti zotseka nkhope. Valar anati pamenepo alemba mwamuna wake, alongo ake atatu, ndi theka la mdadada wonse. Khadi la kuchipatala analandira, analiona, sanalitsutse. Anangoti woganiziridwa ayenera kunena yekha ndi pakamwa pake, ndiwo malamulo.

Mvetsani bwino pamenepa. Pofika Lachiwiri madzulo ankadziwa kuti si iye. Chimene chinatsala chinali chakuti munthu wa khungu lotere wakana kuyankha.

Lachitatu m'mawa anamulowetsa m'kachipinda, n'kumukhazika pampando woyang'ana kukhoma, chitseko chili kumbuyo. Kutsogolo kwake kunali mkulu wa zawamba uja ndi wina wolemba. Anamuuza mosapsa mtima, ngati akumuthandiza, kuti akalankhula akadya nkhomaliro kunyumba, akapitiriza zibwanazi apita naye kukhoti kukapempha masiku ena asanu ndi awiri.

Sokka anaiyeza nkhaniyo. Akalankhula, chowinda chasweka. Akakhala chete, Lachinayi limupeza m'chitokosi, mkaka osathiridwa, chowinda chaswekanso. Koma anaona kuti pali kusiyana. Chitseko chachitsulo sanatseke ndi iye, zimenezo Murugan aziona yekha. Pakamwa pokha ndi pamene panali pake. Anaika manja pamodzi, anawerama, anakhala chete.

Anamva chitseko chikutsekuka kumbuyo kwake, nsapato zikulowa. Sanatembenuke. Khofi linabwera kuchokera kumbuyoko, la dzanja lonse, linagwira khutu ndi khosi pomwe pali chipsera.

"Amma."

Silinali yankho, silinali pempho. Linangotuluka lokha monga limatulukira kwa mwana aliyense wa kwathu akagwa, kuitana mayi. Koma linali liwu, ndipo analimva ndi makutu ake. Wolemba uja anaphulika kuseka.

"Mwaona, akulankhulatu," anatero mkulu wa zawamba. Nsapato za kumbuyo zija zinatuluka, chitseko chinatsekeka.

Atatero Sokka anayankha zonse. Dzina, la bambo, kumene amakhala, za chipatala, za dokotala. Panalibe Tuan, panalibe nthabwala, ankangotulutsa mawu ngati akukhuthula mchenga. Sizinathe mphindi khumi. Isanakwane thwelofu anali panja, nsalu yachikasu ili m'jumbo, njinga ili kuseri, mayani atasanduka akuda. Pomutulutsa wina anamusisita paphewa nati akanayankha dzulo pamsewu paja bwenzi zitatha pa mphindi zisanu.

Kunyumba Valar sananene kuti ndinakuuzani. Anamuthirira madzi osamba, anamupaka mafuta pakhutu, anamuphikira phala, osatsekula pakamwa. Sokka akanakonda akanamukalipira. Chakumadzulo Bahrom anakwera masitepe onse a nsanjika zinayi ndi mawondo ake owawa aja, n'kuima pakhomo akupuma wefuwefu. Anayamba kunena kuti anyamatawo ali pa mpanipani, akuluakulu akufuna okubawo, ndipo Sokka akanangotchula mawu awiri okha. Valar anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. Mkuluyo analekera pomwepo, anatsamira chitseko.

"Khadi lija ndinalemba ndine," anatero Bahrom. "Ndimayesa dzina langa likadali lolemera."

"Lowani, Abang," anatero Sokka. "Tiyi alipo."

Lachinayi Valar anadzuka kusanache, anakwecha kamtsuko kamkuwa mpaka kanawala, anathiramo mkaka, anamangapo maluwa, ngati kuti palibe chachitika. Iye, mwamuna wake ndi Bahrom anapita kuphiri. Patsinde pa masitepe anthu anali piringupiringu, zachikasu zokhazokha, ng'oma zikugunda mpaka m'mimba, mitsuko ili pamitu. Valar anamukokera mwamuna wake kwa wansembe wokalamba amene amamudziwa kuyambira pa esiteti, n'kufotokoza zonse. Wansembeyo anati liwu lotuluka ndi khofi silowerengeka, Murugan si wapolisi kuti achite kukugwira pa liwu limodzi, asenze mtsuko akwere.

"Ayya," anatero Sokka, "powinda paja sindinati pokhapokha atandimenya. Ndinati ngakhale limodzi. Ndipo litatuluka limodzilo ndinalankhula ena ambirimbiri, palibe anandimenyanso."

Wansembe anati ngati mtima wake ukutero, adzayambirenso chaka chamawa, masiku onse makumi anayi ndi asanu ndi atatu, Mulungu sathawa. Sokka anagwira pakhosi. Chaka chamawa ndi kutali kwa munthu amene dokotala amamuitana miyezi itatu iliyonse kuti aone ngati chinthu chija sichinabwerere. Kuyambira dzulo lake, akameza malovu ankamva kupweteka, ndipo sakanatha kudziwa ngati ndi khofi lija kapena ndi chiyambi cha zina.

Anaima pasitepe yoyamba nthawi yaitali, mtsuko uli m'manja, anthu akumupatuka uku ndi uku. Kawiri konse anayesa kuukweza kuti ausenze, kawiri konse unalekera pachifuwa. Kenako anatembenuka n'kuyamba kuyenda motsutsana ndi khamu lonselo. Valar anamuitana, sanacheuke. Anadutsa pamsika, anadutsa pamalo odyera awiri amene tsopano akulandira mayani kwa munthu wina, phula likumuwotcha kumapazi. Valar ankabwera pambuyo atagwira nsapato m'manja, Bahrom akutsimphina kumbuyo kwenikweni.

Pakauntala ya kupolisi panali mnyamata yemwe uja. Sokka anaika mtsukowo pamwamba pa mapepala ake, mkaka pang'ono unatayikira. Mnyamatayo anadzidzimuka, anati pano si pakachisi, achotse. Sokka anati wabwera kudzadandaula. Mnyamatayo anati mafomu a madandaulo ali ku ofesi ya kumwamba, ndipo lero ndi holide, abwere Lolemba.

"Holide yake ndi iti?" anafunsa Valar. "Tanena, mwanawe, lero mukupumira chiyani, si Thaipusam yathu yomweyi?"

Bahrom anafika, anatsamira kauntala ndi manja onse, thukuta lili kamukamu. Anati iye wakhala kuseri kwa kauntala yotereyi zaka makumi atatu, akudziwa kuti buku la amene anali pantchito Lachitatu m'mawa lili m'kabati ya kudzanja lamanzere, ndipo sachoka mpaka litsekulidwe. Apolisi ena awiri anatuluka m'kati kudzaona. Anthu a pabenchi analeka zawo.

Sokka analankhula ndi liwu lake lokanda lija, mosakweza, mano osaoneka ngakhale limodzi.

"Okuba anu mukawagwire, ine ndilibe nawo ntchito. Munadziwa Lachiwiri kuti si ine, khadi la kuchipatala munali nalo m'manja. M'chipinda chija munali anthu atatu, awiri ndinawaona nkhope. Wachitatu anabwera kumbuyo kwanga, koma ali ndi dzina, ali ndi nambala, ndipo amene anamutsekulira chitseko akumudziwa. Mkaka uwu sindingathenso kukwera nawo, ndipo sindikudziwa chimene chichitike pakhosi panga. Mumuitane atuluke, aime apa ndimuone nkhope, andiuze chimene anandimenyera. Ngati iyeyo palibe, abwere amene anamutuma, ayankhe ndi pakamwa pake."